Ndani Amalemba Njira? Manetiweki a mu Cloud ndi Maofesi Athu a ku Machinga ndi Balaka



Amene anandiitana anandichenjeza kuti ambiri mwa inu ndinu osainira ndalama, osati okonza makompyuta, choncho ndisachulutse manambala. Manambala akhalapo ndithu, mundikhululukire. Koma osainira ndalama ndi amene ndimawafuna kwambiri lero, chifukwa nkhani yomwe ndabwera nayo imaoneka ngati ya anyamata a IT pamene mwini wake weniweni ndi bwana wa ofesi.

Ofesi ikafuna pulogalamu yatsopano masiku ano, kaya ndi kaundula wa alimi, kaya ya malipiro, kaya yosunga mbiri ya odwala, wogulitsa amangoti, "Bwana, musavutike ndi kugula seva, zonse tiika pa cloud." Bwana amavomera nkusaina. Chomwe wasainiracho ndi lendi. Wabwereka kachigawo ka makompyuta a eni ake, omwe ali m'nyumba zikuluzikulu zoziziritsidwa usana ndi usiku, kutali ndi kuno. Mwa nyumba za makampani akuluakulu, zoyandikira kwathu zili ku South Africa. Microsoft inatsegula zake ku Johannesburg ndi ku Cape Town mu March 2019, Amazon inatsegula ku Cape Town mu April 2020, ndipo Google inatsegula ku Johannesburg mu January 2024. Kuno kumudzi boma linatsegula National Data Centre ku Blantyre mu 2022.

M'nyumba zimenezi makina amodzi amatumikira anthu ambirimbiri nthawi imodzi. Banki ya ku Lagos, sitolo ya ku Durban ndi kopaletivi ya ku Ntaja zitha kukhala pa chitsulo chimodzi, mawaya akenso omwewo. Chomwe chimaletsa kuti zisasakanikirane ndi pulogalamu. Kasitomala aliyense amapatsidwa netiweki yakeyake yomwe ilibe waya ngakhale umodzi wake. Amazon ndi Google amaitcha VPC, Microsoft amaitcha VNet. Uthenga uliwonse wa pa kompyuta umadulidwa timagawo totchedwa mapaketi, ndipo paketi ikamatuluka mu seva yanu imakutidwa ndi chikuto cholembedwa nambala ya netiweki yanu. Makina olandira amayang'ana nambalayo, ndipo ngati si ya netiweki yoyenera paketi silowa. Njira ina yodziwika yokutira mapaketi, yotchedwa VXLAN, ili ndi malo a manambala oposa 16 miliyoni.

Choti mugwire apa nchakuti netiweki yatsopano imabadwa yotsekeka. Ngakhale manetiweki awiri akhale a bungwe limodzi, olipiridwa ndi cheke chimodzi, salankhulana mpaka munthu wina atakhala pansi nkutsegula njira. Ntchito yonse yomwe tikukamba lero ndi ya kutsegula ndi kutseka njira zimenezo.

Tiyambe ndi adiresi. Mukafika ku ofesi mawa, mutembenuze rauta ija imakhala pamwamba pa kabati, muwerenge kapepala komatidwa kunsi kwake. Mupeza nambala yonga 192.168.1.1, ndipo ngati ndi ka MiFi ka Huawei kawirikawiri mupeza 192.168.8.1. Mnzanu wa ofesi ina ku Mangochi apezanso nambala yomweyo, popanda mkangano. Zili choncho chifukwa maadiresi a mtundu wakale, wa IPv4, alipo pafupifupi 4.3 biliyoni okha, osakwanira dziko lonse. Mu 1996 akatswiri oyendetsa intaneti anakhazikitsa lamulo lotchedwa RFC 1918 lopatula magawo atatu kuti aliyense azigwiritsa ntchito m'nyumba mwake mwaulere: maadiresi onse oyamba ndi 10, oyamba ndi 172.16 mpaka 172.31, ndi oyamba ndi 192.168. Maadiresi amenewa sayenda pa intaneti ya onse. Manetiweki a mu cloud amamangidwa ndi maadiresi omwewa.

Palinso kanambala kobwera pambuyo pa kamzere kopendekeka. Mukaona 10.20.0.0/16, ndiye kuti manambala awiri oyamba, 10 ndi 20, sasintha, ndipo otsalawo amakupatsani maadiresi 65,536. Mukaona 10.20.5.0/24, atatu oyamba sasintha, ndipo maadiresi alipo 256. Kagawo kotere kamatchedwa subnet. Amazon ndi Microsoft amadzitengera maadiresi 5 pa subnet iliyonse, ndiye pa 256 inu mumatsala ndi 251. Kanambala ka kumapetoko kakamakula, gawo limachepa.

Tsopano tiyerekeze bungwe la alimi logula nandolo ndi thonje kwa Kalembo ndi kwa Msamala, ndi mpunga ku zigwa za ku Chilwa. Likulu lili ku Balaka, nthambi zili ku Liwonde ndi ku Ntaja. Mu cloud lili ndi manetiweki atatu. Yoyamba ndi ya zachuma, 10.10.0.0/16. Yachiwiri ndi ya kaundula wa alimi, 10.20.0.0/16, momwe muli mayina, manambala a zitupa za unzika ndi makilo omwe aliyense wagulitsa. Yachitatu ndi yoyesera, 10.30.0.0/16, momwe anyamata olemba mapulogalamu amayesera zinthu zawo zisanafike kwa anthu. Pa tsiku la malipiro, seva ya zachuma iyenera kufunsa kaundula kuti mayi uje wabweretsa makilo angati. Paketi ya funsoli idziwa bwanji kolowera?

Siidziwa. Amene munaimapo pa Nkaya mumvetsa msanga. Pamenepo pamakumana njanji yochokera ku Limbe, yopita ku Balaka ndi Salima, yopita ku Liwonde ndi Nayuchi yomwe inatsegulidwa mu 1970, ndi ija kampani ya Vale inamanga kuchokera ku Moatize. Sitima ya malasha ikubwera ndi mabogi ake osatha kuwerenga, ulendo wa ku Nacala, koma dalaivala wake alibe chiwongolero. Kuti iwoloke Shire pa Liwonde kapena ikapezeke ku Balaka, zimatengera mmene ena atcherera zitsulo zopatutsa njanji iyo isanafike. Paketi nayo imangonyamula adiresi ya komwe ikupita ndi ya komwe yachokera. Otchera njira ndi tebulo lotchedwa route table, lomwe limakhala ndi mizere yochepa chabe. La netiweki ya zachuma litha kuoneka chonchi:

10.10.0.0/16, zam'kati momwe muno
10.20.0.0/16, kudzera pa mlumikizo wa ku kaundula
0.0.0.0/0, zina zonse, ku intaneti

Mzere uliwonse ukunena zinthu ziwiri basi: paketi yopita kwakuti, ipatsireni uyu. Sunena ulendo wonse, umangonena wolandira wotsatira. Iyenso ali ndi tebulo lake.

Nanga paketi ikagwirizana ndi mizere ingapo? Tinene kuti tawonjezera mzere wachinayi, wakuti 10.20.5.0/24 idzere pa firewall, makina ofufuza mapaketi, chifukwa mu subnet imeneyo ndimo muli manambala a zitupa. Paketi yopita ku 10.20.5.9 ikugwirizana ndi mizere itatu: wa zina zonse, wa kaundula yense, ndi watsopanowu. Lamulo nlimodzi, ndipo rauta iliyonse padziko imalitsata: mzere wotchula gawo laling'ono kwambiri ndiwo umapambana. Zilibe kanthu kuti unalembedwa liti kapena uli pamwamba kapena pansi. Ophunzira, lamulo ili muligwire zolimba. Nthawi zambiri mukamva kuti "netiweki ikuchita zamatsenga", mukafufuza mupeza kamzere ka /24 kapena /32 komwe wina anaika kalekale poyesa zinthu nkukaiwala, ndipo kakupatutsa mapaketi mwakachetechete.

Mlumikizo womwe ndautchula mu mzere wachiwiri dzina lake ndi peering. Manetiweki awiri amagwirizana, wina amapempha, wina amavomera, ndipo mapaketi amayenda pa mawaya a kampani ya cloud osatulukira pa intaneti. Makampaniwa amasiyana pang'ono kachitidwe. Kwa Microsoft ndi kwa Google, peering ikangokhazikika mizere imalowa yokha mu matebulo. Kwa Amazon muyenera kuilemba nokha, mbali zonse ziwiri. Apa mpamene ambiri amagwa. Amalemba njira yopita nkuiwala yobwerera. Funso limafika bwinobwino ku kaundula, kaundula amayankha, koma tebulo lake lilibe mzere wa 10.10.0.0/16, ndiye yankho limatsata mzere wa zina zonse nkukatayika. Pa kompyuta ya akauntanti kachizindikiro kamangozungulira, alimi ali pamzere panja dzuwa likuswa mtengo, ndipo aliyense akuloza chala kampani ya mafoni yomwe ilibe mlandu.

Palinso vuto lobisika kuposa apa. Njira yopita yadzera pa firewall, yobwerera yadzera pena. Firewall imakumbukira makambirano omwe inawaona akuyamba, ndipo ikaona theka lokha la makambirano imawadula. Chilichonse chimaoneka cholondola pa pepala, koma zinthu sizikuyenda. Mukumbukirenso kuti tebulo la njira ndi firewall ndi ntchito ziwiri zosiyana. Tebulo limanena kodzera, firewall imanena ngati mwaloledwa. Kuti seva ziwiri zilankhulane pafunika zonse ziwiri zivomere, kupita ndi kubwerera komwe.

Peering ili ndi khalidwe lina lomwe limakwiyitsa anthu poyamba. Siyopatsirana. Ngati zachuma zalumikizidwa ndi kaundula, ndipo kaundula walumikizidwa ndi netiweki yoyesera, sizitanthauza kuti yoyesera ifika ku zachuma podzera kwa kaundula. Sifika. Ine khalidwe limeneli ndimaliyamikira. Mnyamata wa pa atachimenti amene akuyesa pulogalamu yake alibe chifukwa chofikira seva ya malipiro, ndipo nkwabwino kuti makina amukanize okha popanda wina kukumbukira kumuletsa.

Koma khalidwe lomweli limasanduka mtolo manetiweki akachuluka. Atatu amafuna milumikizo 3 kuti aliyense afike kwa mnzake. Asanu ndi limodzi amafuna 15. Dziko lathu lili ndi maboma 28. Khonsolo iliyonse itakhala ndi netiweki yake, nkufuna kuti onse azilankhulana mwachindunji, pangafunike milumikizo 378, ndipo tebulo lililonse likhale ndi mizere 27 yoyang'anira. Palibe ofesi ya IT ingasamale zimenezo osalakwitsa. Nchifukwa chake mabungwe akuluakulu amamanga mphambano imodzi pakati, yomwe amisiri amaitcha hub. Netiweki iliyonse imalumikizidwa ku mphambanoyo kamodzi kokha, ndipo milumikizo imatsika kuchoka pa 378 kufika pa 28. Amazon inayamba kugulitsa mphambano yotere mu November 2018 pansi pa dzina la Transit Gateway. Microsoft ili ndi Virtual WAN, komanso ambiri amangodzimangira VNet yapakati nkuikamo firewall. Nzeru yake ndi ya pa Nkaya pomwe paja: palibe anamanga njanji yapadera ya Salima ndi Nayuchi, ina ya Limbe ndi Nayuchi, zonse zimakumana pamodzi. Kuipa kwakenso nkomweko. Pa mphambano pakavuta, onse aima.

Ndiponso mphambano ikangomangidwa mwaulesi, imafafaniza chitetezo chija ndachiyamikira. Mukaika manetiweki onse pa tebulo limodzi la pa hub, aliyense afika kwa aliyense, woyesera uja wafika ku malipiro. Mphambano yomangidwa bwino imakhala ndi matebulo angapo, lina la manetiweki a ntchito yeniyeni, lina la oyesera, lina la alendo monga ma auditor kapena bungwe lothandiza lomwe likufuna kuona malipoti okha. Ndiye funso lakuti ndani akhale pa tebulo liti si funso la makompyuta. Kodi ofesi ya zaulimi ione kaundula wa Mtukula Pakhomo? Kodi kampani yomwe inalemba pulogalamu ipitirize kufika ku seva ya chipatala kontirakiti itatha? Amene ayenera kuyankha ndi bwana DC, mkulu wa chipatala, komiti ya kopaletivi. Mukapanda kuyankha inu, ayankha mnyamata wa kampani ali pa laputopu usiku, akuthamangira kumaliza ntchito, ndipo yankho losavuta kwa iye ndi kutsegula zonse.

Ndibwerere ku maadiresi, chifukwa pali msampha umodzi womwe ndauona ukugwira anthu ochenjera. Manetiweki awiri okhala ndi maadiresi ofanana sangalumikizidwe ndi peering. Amazon imakana, Microsoft imakana. Chifukwa chake nchomveka: paketi yopita ku 10.0.1.4 ipite kuti ngati adiresi imeneyo ili mbali zonse ziwiri? Tsoka lake, aliyense akamatsegula netiweki yatsopano amangovomera nambala yomwe makina amupatsa. Pa Microsoft kawirikawiri imakhala 10.0.0.0/16, ndipo pa Amazon VPC yobwera kale ndi akaunti ndi 172.31.0.0/16.

Ndinaitanidwapo ku bungwe lina, dzina ndisunga, lomwe linali ndi mapulojekiti awiri a opereka thandizo osiyana. Pulojekiti iliyonse inabwera ndi kampani yake, ndipo makampani onsewo anasiya 10.0.0.0/16. Zaka zinadutsa popanda vuto, mpaka tsiku lomwe akuluakulu anafuna kuti makaundula awiriwo aziyerekezedwa pofuna kupeza anthu olandira kawiri. Panalibe kuchitira mwina koma kusintha maadiresi a netiweki imodzi yonse. Maseva sanavute kwenikweni. Chinavuta ndi tinthu ting'onoting'ono. Mtsikana wa IT wa pamenepo anayenda ofesi ndi ofesi ndi kope la sukulu, akulemba paliponse pomwe adiresi yakale inalembedwa ndi manja: mu printa ya kwa akauntanti, m'makina osainira ndi chala a pakhomo, m'matabuleti a alangizi omwe ena anali kumidzi njinga zitafa. Patapita nthawi ndithu kunatulukirabe kapulogalamu kotumiza mauthenga a pa foni kwa alimi, komwe kanali kakulankhula ndi adiresi yomwe kulibenso, popanda wodziwa. Zonsezi zikanapeweka ndi pepala limodzi logawa maadiresi, lolembedwa pa tsiku loyamba.

Pogawapo muzisiya malo. Ife a kuno tikudziwa kuti maofesi amaswana. Mpaka 1998 Balaka inali mbali ya boma la Machinga. Lero ili ndi khonsolo yake, chipatala chake chachikulu ndi maofesi ake onse. Maadiresi oyamba ndi 10 alipo oposa 16 miliyoni ndipo ndi aulere, choncho palibe chifukwa chopanikizana. Patsani Balaka gawo lake, Machinga gawo lake, nkusiya magawo opanda kanthu pakati. Phindu lina nlakuti maofesi onse a boma limodzi akakhala m'gawo limodzi lalikulu, mzere umodzi mu tebulo umakwanira onsewo.

Mpaka pano takamba za m'kati mwa cloud. Koma akalaliki athu sakhala ku Johannesburg, ali pa Liwonde, pa Ulongwe, pa Nsanama, pa Phalula. Ofesi ya pansi pano imalumikizidwa ndi cloud kawirikawiri kudzera pa VPN, yomwe ndi njira yobisa mapaketi ndi kiyi nkuwayendetsa pa intaneti wamba. Rauta ya ku ofesi ndi khomo la ku cloud zimafunika kuuzana maadiresi omwe ali kuseri kwa aliyense. Mutha kulemba ndi manja, kapena kuzisiya kuti ziziuzana zokha ndi chilankhulo chotchedwa BGP, chomwe Kirk Lougheed ndi Yakov Rekhter anachiyambitsa mu 1989 ndipo mpaka lero ndicho chimagwirizanitsa makampani onse a intaneti. Ubwino wa BGP ndi wakuti njira imodzi ikaduka, marauta amadziwitsana nkusamukira ku ina popanda kudzutsa munthu. Kuopsa kwake ndi kwakuti amakhulupirira zomwe auzidwa. Mu February 2008 kampani ya matelefoni ya ku Pakistan, pofuna kutseka YouTube m'dziko mwawo mokha, inalengeza gawo laling'ono la maadiresi a YouTube. Chilengezocho chinatulukira kunja, lamulo lija la gawo laling'ono linagwira ntchito, ndipo YouTube inasowa pafupifupi dziko lonse kwa maola awiri. Pa 4 October 2021 Facebook inadzichotsera yokha njira zake pokonza zinthu, ndipo Facebook, WhatsApp ndi Instagram zinazima kwa maola pafupifupi 6. Maseva awo anali amoyo. Chinasowa ndi njira yokafikira kwa iwo. Ngati zinawachitikira amenewo, ife tisadzinamize.

Tsopano taonani ulendo weniweni wa paketi. Kalaliki wa ku Liwonde akutumiza fayilo kwa mnzake wa ku Balaka, mtunda wa makilomita pafupifupi 30, ulendo wa kanthawi kochepa pa minibasi. Ngati maofesi onse awiri amakumana pa mphambano ya ku Johannesburg, fayiloyo ituluka m'dziko muno, ikafike ku South Africa, nkubwereranso. Kuwala kumayenda makilomita pafupifupi 200,000 pa sekondi m'chingwe cha fayiba, kutanthauza makilomita 200 pa milisekondi imodzi. Johannesburg ili pa makilomita oposa 1,300 molunjika, ndiye kupita ndi kubwera sikungachepere mamilisekondi 13 ngakhale mutalipira motani, ndipo poti zingwe siziyenda molunjika, nthawi yeniyeni imaposa pamenepo kwambiri. Ngati kampani inasankha London chifukwa ndi komwe inazolowera, makilomita ndi pafupifupi 8,000 ndipo poyambira penipeni ndi mamilisekondi 80. Zikumveka zochepa. Koma pulogalamu yolembedwa mosasamala imafunsa seva mafunso 100 motsatizana kuti itsegule tsamba limodzi, ndipo apo mwadikira kale masekondi 8.

Dziko lathu lilibe nyanja yamchere, choncho intaneti yathu yonse yakunja imadzera kwa anansi. Zingwe za pansi pa nyanja za SEACOM ndi EASSy zinafika ku gombe la kum'mawa kwa Africa mu 2009 ndi 2010, ndipo ife timazifikira kudzera ku Mozambique ndi Tanzania, kwinaku tikudzeranso ku Zambia. M'dziko muno fayiba ina imayenda pamwamba pa mapolo a ESCOM. Pa 12 May 2024 zingwe ziwiri zija zinaduka pamodzi m'nyanja kumpoto kwa Durban, ndipo intaneti inavuta ku Malawi, Tanzania, Mozambique ndi mayiko ena. Ofesi iliyonse yomwe njira yake ya pakati pa nthambi ndi likulu inkadzera kunja inamva kuwawa pa chinthu chomwe chikanatha kuyenda m'dziko momwemo. Paja tili ndi malo okumanirana makampani a intaneti, Malawi Internet Exchange, omwe anakhazikitsidwa ku Blantyre mu 2008 ndi cholinga chomwechi, chakuti uthenga wa Mmalawi kwa Mmalawi usamakazungulire kunja.

Sindikunena kuti tithawe cloud. Seva ya pansi pa desiki, m'chipinda chotentha cha pa Liwonde mwezi wa October, magetsi akuthimathima, jenereta ilibe mafuta, si yabwino kuposa ya ku Johannesburg. Ndikunena kuti zoyenda pakati pa maofesi a m'dziko muno zipatsidwe njira ya m'dziko muno, ndipo zopita ku cloud zikhale ndi njira ziwiri. Pogula njira yachiwiriyo mufunse funso lomwe ogulitsa salikonda: kodi chingwe chanu chimadzera pati? Makampani awiri osiyana atha kukhala akubwereka fayiba imodzi pa mlatho umodzi. Madzi osefukira ngati a namondwe Freddy mu March 2023, kapena munthu wokumba ngalande ndi khasu, adzadula zonse nthawi imodzi, inu mukulipira mabilu awiri.

Za mabilu ndinenepo pang'ono, poti osainira ndalama mwandipirira nthawi yaitali. Mzere uliwonse wa mu tebulo uli ndi mtengo wake. Makampani a cloud kawirikawiri salipiritsa deta yolowa, koma yotuluka amalipiritsa pa gigabayiti iliyonse. Yoyenda pakati pa madera awiri, monga Cape Town ndi ku Ulaya, amalipiritsanso. Mphambano monga Transit Gateway imalipiritsa pa ola lililonse pa mlumikizo uliwonse, nkuwonjezera pa gigabayiti iliyonse yodutsapo. Choncho ngati makope osungira a usiku uliwonse akudzera pa mphambano pamene akanatha kuyenda pa peering yachindunji, mukulipira msonkho wopanda pake usiku ndi usiku. Ndipo biluyo imabwera m'madola. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, nkugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Bajeti inalembedwa m'makwacha, njira zosalongosoka zinakhala zomwezo, ndipo mtengo wake unakwera popanda wina kukhudza kompyuta.

Lamulo nalonso lalowererapo. Data Protection Act ya 2024 inapatsa MACRA udindo woyang'anira mmene mabungwe akusungira mbiri za anthu, ndipo ili ndi mfundo zoyenera kutsata musanatumize mbiri zimenezo kunja kwa dziko. Mayi wa kwa Kawinga amene anapereka nambala ya chitupa chake pogulitsa mpunga ali ndi ufulu pa mbiri yakeyo. Tsiku lina mudzafunsidwa kuti mbiriyo ili m'dziko liti ndipo ndani angaifikire. Yankho loona lili mu matebulo a njira ndi malamulo a firewall, osati mu kabuku kokongola komwe kampani inakupatsani pa tsiku lokhazikitsa pulojekiti.

Ndiye musanasaine kuti ntchito yatha, pemphani kuti akaunti ya cloud ikhale m'dzina la bungwe lanu, ndi imelo ya bungwe, osati ya mwini kampani. Ndaonapo ofesi ikupempha chilolezo kwa munthu amene anasamukira kunja kuti ilowe mu netiweki yakeyake. Pemphani pepala logawa maadiresi. Koposa zonse, pemphani kuti akusindikizireni matebulo onse a njira, ndipo pambali pa mzere uliwonse alembe m'chilankhulo cha anthu chifukwa chake ndi ofesi yomwe inaupempha. Simufunika digiri kuti muwerenge "zachuma zifike ku kaundula, pa malipiro a alimi, anapempha ndi a zachuma." Mukapeza mzere womwe palibe angaufotokoze, funsani kuti uzimitsidwe kwa kanthawi muone amene adandaule. Kawirikawiri sipapezeka wodandaula, ndipo mukafufuza mupeza kuti unali wa kampani yomwe inachoka kalekale. Pepala limeneli lizibwera pa msonkhano wa akuluakulu kamodzi kapena kawiri pa chaka, monga mmene kaundula wa katundu wa ofesi amabwerera.

Ophunzira, inu simufunika kudikira ntchito kuti muyambe. Pa kompyuta iliyonse ya Windows tsegulani Command Prompt mulembe route print, muona tebulo la njira la kompyuta yanuyo, ndi mzere wa 0.0.0.0 ukuloza ku rauta ya pa kabati ija. Kenako lembani tracert ndi dzina la webusayiti ya bungwe lililonse la kuno kwathu. Ikuonetsani rauta iliyonse yomwe paketi yadutsa ndi mamilisekondi ake, ndipo m'mayina a marauta ena muzindikira zidule za mizinda, monga jnb ya Johannesburg kapena lon ya London. Muyese ndi TNM, muyesenso ndi Airtel, mufananize. Pomwe nambala yadumpha kwambiri, pamenepo paketi yawoloka malire kapena yalowa m'nyanja. Amene muli ndi malaputopu tiyesera limodzi tikamwa tiyi, ndipo ndikufuna tione mawebusayiti angati a Amalawi omwe akuyankha ali m'Malawi muno.

Bambo wapampando, ndaima pamenepa kuti tilandire mafunso.